Tsamba la pa 17 Okutobala

Ine ndine Goulven Riou wa ku Plouaret. Ndinagwira ntchito yokoka ulusi wagalasi zaka 26. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale. Foni sindiikonda, chifukwa khutu lakumanzere linafa ndi phokoso la ng'anjo, ndiponso mawu a pafoni sakhala ndi deti. N'chifukwa chake ine ndi mwana wanga Azilis timalemberana makalata. Anga ndimalemba ndi kaboni pansi kuti kope itsale. Kalata imene analemba mlongo wanga Soazig anandibwereka ndi Azilis. Ndawasanja monga mwa masiku ake, ndipo sindinasinthe liwu.

*

Tampere, 6 Febuluwale 2017

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Azakhali a Soazig. Bondo lija likutani? Kuno chipale chofewa chafika m'mawondo, ndipo dzuwa likumangosuzumira n'kubwerera ngati mlendo wamanyazi. Mabisiketi a batala wamchere aja anatha tsiku lomwelo, anzanga a kuntchito anawagwera.

Munati ndikufotokozereni ntchito yanga m'chilankhulo cha anthu. Tikupanga leza ya ulusi, makina otulutsa kuwala. Timalowetsa kuwala kwamphamvu kwa mtundu umodzi mu ulusi wa galasi la fuloraidi, lomwe lija munkakoka inu. Pofika kumapeto kwa ulusiwo kuwalako kumakhala kutamwazika n'kusanduka utawaleza wathunthu, koma utawaleza wa kuseri kwa kufiira, umene diso silingauone. Phindu lake ndi ili: mpweya uliwonse umadya kachigawo kakekake ka utawalezawo n'kusiya mpata, ngati m'kamwa moguluka dzino. Ukaona pamene pali mpata, wadziwa mpweyawo. Tsiku lina makina amenewa adzanunkhiza gasi wothawa m'paipi, utsi wa fakitale, ngakhale matenda m'mpweya wa munthu.

Koma pali vuto. Nsonga ya ulusi, potulukira kuwala, ikumapsa. Masiku ena leza imayaka maola asanu osadandaula. Masiku ena ndikangokweza mphamvu, thi! kautsi, nsonga yasanduka khala. Ndasintha mpeni wodulira, ndasintha ulusi, ndayeza chinyezi cha m'chipinda, palibe chimene ndapeza.

Mu Novembala tinalandira bwana watsopano, wakwathu komweko, Dokotala Vasseur. Ndinkati zikhala bwino kukhala ndi wolankhula naye Chifalansa. Ndinadzinamiza.

Inu munakhala ndi galasi limeneli nthawi yaitali kuposa aliyense amene ndikumudziwa. Mukuganiza chiyani? Mundiuzenso za maapozi, ngati mphepo ya Januwale inasiyako mtengo.

Mwana wanu,
Azilis

*

Plouaret, 14 Febuluwale 2017

Azilis mwana wanga,

Kalata yako ya pa 6 yafika pa 13, masiku 7 panjira. Ife tili bwino. Bondo limadandaula kukamabwera mvula, ndiye kuti limadandaula tsiku ndi tsiku. Mphepo inagwetsa mitengo iwiri mwa 19, yatsala 17. Azakhali ako akuti uzivala chipewa.

Za nsonga sindinganene kanthu ndisanaone masiku. Unditumizire mndandanda wa ulendo uliwonse umene munayatsa leza kuyambira pa 1 Novembala: deti, ola, yapsa kapena sinapse, ndi dzina la munthu amene anaika nsonga pamalo pake komaliza. Usasiye tsiku ngakhale limodzi. Ulembenso zimene ukuona ngati zopanda pake, monga amene anadwala, amene anachedwa, amene anabwera ndi khofi.

Ndifunsenso pang'ono. A Vasseur amenewa dzina lawo loyamba ndi Thibaut? Kodi wotchi amavala nkhope yake italoza mkati mwa mkono? Ngati ndi choncho, usawauze kuti ndiwe mwana wa Riou. Dzina la Morvan limene anakusiyira mwamuna wako wakale uja ligwireko ntchito kamodzi, poti mwini wake sanagwirepo.

Ndatumiza mabisiketi 24. Ubise 12.

Bambo ako,
Goulven Riou

*

Tampere, 3 Malichi 2017

Okondedwa Bambo,

Zikomo chifukwa cha mabisiketi. Ndinabisa 12, Azakhali muwauze kuti chipewa ndikuvala. Inu muli bwanji?

Ndi Thibaut ndithu, ndipo wotchi amavaladi chomwecho. Mukuwadziwa bwanji? Simunatchulepo dzina limeneli pakhomo.

Mndandanda uli pa pepala linalo. Tinayatsa ka 43, inapsa ka 9. Ndikudziwa chimene muone, nanenso ndinachiona: maulendo onse 9 nsonga anaika ndi bwanawo. Koma anaikanso maulendo ena awiri, pa 17 ndi pa 19 Januwale, osapsa. Sabata imeneyo n'kuti ali ndi chimfine, akutsokomola, mpaka tinawaveka kansalu kukamwa kuti asatipatsire. Ndiye si iwo ayi. Manja awo ndawayang'anitsitsa, ndi aukhondo kuposa anga. Akamaika nsonga ine ndimakhala pa kompyuta kuseri kwa katani yakuda, ndimangoona msana wawo atawerama, kenako amati, "Kwezani mphamvu."

Lachiwiri inapsanso. A Vasseur anavula magalasi otetezera maso pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Mayi Morvan, kodi nsonga imeneyi munadula ndi mpeni wa buledi?"

Ndinati, "Ndadula monga mwa masiku onse, adokotala. Dzulo inayaka maola anayi."

"Dzulo kunalibe ine. Leza imene imayaka pokhapokha mwini wake ali yekha timaitchula kuti nthano. Kwanu ku Brittany nthano mumazikonda, si choncho?"

Anzanga a kuno saseka msanga, koma sanandiyankhireko.

Nkhani yaikulu ndi iyi. Pa 15 Juni kukubwera akatswiri ndi eni kampani kudzaona leza ikuyaka. Ikayaka, ntchito ipitirira zaka zina zitatu. Ikapsa, bwana anena kale kuti adzafuna manja ena. Zaka zinayi za moyo wanga zili mu ulusi umenewu, Bambo. Ngati mwaonapo kanthu pa mndandandawo, ndithandizeni.

Mwana wanu,
Azilis

*

Plouaret, 12 Malichi 2017

Azilis mwana wanga,

Kalata yako ya pa 3 yafika pa 10. Tili bwino. Ndikuuza lero zimene sindinakuuze uli ndi zaka 15, pamene unandipeza pakhomo masana a Lachisanu ndikusenda mbatata.

Tsiku limenelo linali 17 Okutobala 2003. Thibaut Vasseur anali atagwira nafe ntchito miyezi 14, digiri yake ikadali yonyowa inki. Kunabwera ogula asanu ndi mmodzi ochokera kunja kudzaona ulusi wanga ukunyamula kuwala. Ulusiwo ndinaukoka pa 9 Okutobala, tsiku la mphepo yakum'mawa, louma bwino, mamita 212 opanda thovu ngakhale limodzi. Ukudziwa kuti sindinkayatsa ng'anjo mphepo ikamachokera kunyanja. Galasi limeneli ndi madzi zili ngati mphaka ndi galu.

Vasseur anaika nsonga yekha. Nthawi ya 10.41 inapsa. Anadulanso, anaikanso, 11.05 inapsanso. Atatero anandiitanitsa kuchokera kunsanja yokokera ulusi, ndinatsika ndi epuloni yanga. Pamaso pa alendo ndi eni fakitale anati, "Awa ndi a Riou, amene amanunkhiza mphepo asanayambe ntchito. Tsono mwaona zimene manja a kumudzi amatulutsa."

Ndinati, "Bwana, ndinaona kanthu, mundilole ndinene."

Anati, "Mukanene kwa ng'ombe zanu." Alendo anaseka, ngakhale amene sankamva Chifalansa.

Pa 31 Okutobala anandipatsa kalata yondichotsa ntchito. Zaka 26. Mayi ako anadwala chaka chotsatira, ndipo mpaka tsiku lomaliza ankakhulupirira kuti mwina ndinalakwitsadi, kungoti ankandikonda. Ichi ndiye chimene sindinakhululuke.

Mndandanda wako ndauwerenga katatu. 9 mwa 11, ndi awiri otsalawo. Ndikudziwa chimene chikuwotcha nsonga yako. Chinalembedwa m'kabuku kanga ka 2003, tsamba 88. Koma sindikuuza tsopano. Ukadziwa udzakonza, leza idzayaka, ndipo iye adzaimirira kutsogolo n'kuomberedwa m'manja. Ayi. Pa 15 Juni umusiye aike nsonga yekha, ipse pamaso pa akatswiri anzake monga inapsera pamaso pa ogula anga. Pa 16 ndidzakuuza zonse. Mlandu suwola, mwana wanga. Ndadikira zaka 13, miyezi itatu si kanthu.

Bambo ako,
Goulven Riou

*

Tampere, 21 Malichi 2017

Bambo,

Ndalira powerenga za Amayi. Mukanandiuza kale. Munthu ameneyu ndikamamuona tsopano, khofi amandiwawa m'kamwa.

Koma Bambo, mwawerengera masiku onse n'kuiwala chinthu chimodzi. Mu 2003 nsonga itapsa, anachotsedwa ndani? Vasseur kapena Riou? Nanga pa 15 Juni ikapsa, mukuganiza kuti adzaloza ndani chala? Pa mapepala onse a leza imeneyi palembedwa dzina langa. Iye adzavula magalasi pang'onopang'ono, adzandiitana kutsogolo, ndipo pa 16 Juni kalata yanu idzandipeza ndikusenda mbatata.

Mukufuna kuwotcha nyumba kuti muphe khoswe, koma m'nyumbamo muli ine. Nditumizireni tsamba 88. Ndikupemphani.

Azilis

*

Kalata imeneyi inafika pa 28 Malichi. Sindinayankhe. Pa 11 Epulo inabwera ina ya mizere itatu yofunsa ngati ndili moyo. Sindinayankhenso.

*

Plouaret, 2 Meyi 2017

Azilis wanga,

Ndine azakhali ako. Usadabwe ndi zilembo zokhotakhotazi, ndikulembera pa bondo m'khola la nkhuku kuti nkhalamba ija isandione. Uli bwanji? Ukudya? Pa chithunzi cha Khirisimasi unkaoneka ngati chogwirira tsache.

Bambo ako sanafe, usade nkhawa, angouma mutu ngati chitsa. Chibwerere kalata yako amakhala pa tebulo ndi timabuku tawo takuda tija, 26 tonse, kumatisanja ngati akaonetsa kwa wansembe. Lamulungu nditapanga magaleti, zitumbuwa zakwathu zija, ndinawauza kuti, "Achimwene, mwanayu mumuyankhe."

Akuti, "Ndimuyankha pa 16 Juni."

Ndinati, "Pa 16 Juni mudzamuyankha ali pa siteshoni ndi masutikesi! Inu mutu wanu unapsa limodzi ndi nsonga ija eti?"

Akuti, "Soazig, akatswiri si ogula. Akatswiri adzaona okha wolakwa."

Ndinati, "Akatswiri? Amene anakuchotsani aja anali osoka nsapato?" Anangothira sida, mowa wa maapozi uja, m'kapu, osamwa, kumangoyang'ana thovu.

Kabuku ka 2003 ndinakafunafuna, ndisakunamize. M'kabati mulibe, pansi pa matiresi palibe, ndinafika mpaka m'bokosi la mbewu. Kenako ndinaona kuti jekete lawo latupa mbali imodzi. Amagona nako, mwana wanga! Mkazi anawasiya, anakwatira kabuku.

Koma ndikuuze. Usiku sindidziwa, koma masana ndimawaona ataima pa geti nthawi ya positi, ndipo wapositi akadutsa osaima amabwerera ngati galu wonyowa. Alembere. Usawanyengerere, ameneyo kunyengerera sakumva. Uwauze zoona zokhazokha, ndi madeti ake, ndiye chilankhulo chawo.

Ndaika ka sikafu. Ndikudziwa kuti ndi Meyi, koma kumeneko ndi kumeneko.

Azakhali ako,
Soazig

*

Tampere, 20 Meyi 2017

Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Sindikupemphani kanthu. Ndingokupatsani madeti, poti mumawakonda.

Pa 4 Epulo inapsa. Pa 27 Epulo inapsa. Pa 16 Meyi, 14.20, inapsa pamaso pa mmodzi wa eni kampani. Pa 18 Meyi ndinalandira kalata yochenjeza, ndipo ndinasaina. Pa 19 Meyi a Vasseur anabweretsa munthu wina kudzaona tebulo langa, analiyeza ngati telala. Potuluka anandigwira paphewa n'kunena mwachifundo kuti, "Musadziimbe mlandu, Mayi Morvan. Mutu muli nawo. Koma manja a kumudzi ndi a kumudzi basi."

Kwatsala masiku 26. Chipinda changa chakale musaikemo maapozi chaka chino.

Azilis

*

Plouaret, 29 Meyi 2017

Azilis mwana wanga,

Kalata yako yafika pa 27. Mawu aja ndi omwewo, sanasinthe ngakhale limodzi. Ndinkayesa kuti anandinenera ine ndekha. Ndinalakwitsa masamu. Ndinawerengera iye ndi ine, iwe sindinakuike.

Ndang'amba tsamba 88, ndi ili. Ndi koyamba kung'amba tsamba m'kabuku. Pali mizere iwiri imene ndinalemba nditaima pakhomo la chipinda chija: "10.40, a V. auzira nsonga kawiri. 11.04, auziranso kawiri."

Amauzira, mwana wanga. Akamaliza kuika nsonga amawerama n'kuuzira, fu, fu, monga munthu amachitira pochotsa fumbi pa galasi la wotchi. Sadziwa n'komwe kuti amatero, ndi ngati kunyambita chala potsegula buku. Mpweya wa m'kamwa ndi madzi okhaokha. Timadontho timatsala pa nsonga, kuwala kwanuko madzi amakumwa, atenthe, galasi lipse. Masiku awiri a Januwale anali ndi kansalu kukamwa. Unalemba wekha.

Tsono uchite izi. Mwina uwaveke kansalu, mwina uike nsonga wekha, koma chabwino koposa uwotcherere kachidutswa ka galasi losamva madzi kumapeto kwa ulusi kuti nsonga ikhale ndi chipewa. Ukonze mwakachetechete, leza iyake, ntchito yako ikhale. Iyeyo aomberedwe m'manja mwakemo. Ndameza.

Bambo ako,
Goulven Riou

Zowonjezera, 6 Juni. Ndikuuze zoona. Kalatayi yakhala m'jekete masiku 8. Kawiri ndinafika pa positi n'kubwerera. Dzulo ndinapita ndi mtima wonse, ndinapeza potseka, Lolemba la Pentekoste, tsiku la tchuthi. Lero azakhali ako andiperekeza atandigwira mkono ngati wakuba. Masiku 7 panjira ndiye kuti pa 13. Mulungu athandize apositi.

*

Plouaret, 16 Juni 2017

Azilis mwana wanga,

Tili bwino. Dzulo linali 15. Sindikudziwa ngati kalata yanga ya pa 6 inafika. Mu Epulo ina inayenda masiku 10. Ngati inachedwa, wolakwa si wapositi, ndi masiku 8 aja. Chipinda chako ndasesa, maapozi ndidzaika m'khola. Undiuze chilichonse, ngakhale mzere umodzi. Azakhali ako akuti ndiimbe foni. Ndikuopa kumva ndi khutu limodzi.

Bambo ako,
Goulven Riou

*

Tampere, 16 Juni 2017

Okondedwa Bambo,

Muli bwanji? Khalani pansi, muitanenso Azakhali, chifukwa sindilemba kawiri.

Kalata yanu inafika Lachitatu pa 14, masana. Nditawerenga ndinakhala pa masitepe n'kuseka mpaka woyeretsa anandifunsa ngati ndikufuna madzi. Fu, fu! Miyezi isanu ndi iwiri ndakhala ndikusintha mipeni!

Madzulo omwewo ndinakonza ulusi wachiwiri wokhala ndi chipewa, monga munanenera. Unayaka bwinobwino. Ndikanatha kuuika pa tebulo nkhani n'kutha. Ndinaugwira m'manja nthawi yaitali, kenako ndinauika m'dirowa. Munati mwameza, Bambo. Ine sindinameze.

Mukumbukira ntchito ya leza yathu? Kununkhiza mpweya. Poika nsonga timayatsa kuwala pang'ono kuti tione poloza. Masiku onse makina oonetsa utawaleza timawatsegula pambuyo pake. Dzulo ndinawatsegula poyambirira, ndipo ndinawalumikiza ku sikirini yaikulu ya pakhoma.

Alendo analipo 14. Kutsogolo kunakhala gogo wina wa kuno, Pulofesa Rautio, amene wakhala akuwerenga mipata ya mpweya kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo salankhula mawu oposa asanu pa ola. A Vasseur analankhula mphindi makumi awiri za masomphenya awo. Atatha anapinda malaya n'kunena kuti, "Gawo ili ndimachita ndekha, limafuna manja odekha."

Anawerama, msana kwa anthu. Anthu onse maso pa sikirini, pamene panali mzere wosalala ngati phiri. Mwadzidzidzi phirilo linagumuka malo awiri, pa madzi ndi pa mpweya umene munthu amatulutsa. Linadzuka, linagumukanso. Aliyense m'chipindamo amaidziwa mipata imeneyo monga inu mumadziwira mtambo wa mvula.

Gogo uja anati, "Wapuma pamenepo ndani?"

A Vasseur sanamve, anali otanganidwa. Anadzuka n'kunena kuti, "Kwezani mphamvu, Mayi Morvan."

Ndinafunsa, "Ndikweze ndithu, adokotala?"

"Kodi lero mwagonthanso?"

Ndinakweza. Thi! Kautsi.

Anavula magalasi pang'onopang'ono. "Mabwana ndi madona, pepani. Mayi Morvan, bwerani kutsogolo kuno anthu akuoneni."

Ndinapita. Ndinabweza chithunzi pa sikirini n'kunena kuti, "10.52 ndi masekondi 7. 10.52 ndi masekondi 9. Mwauzira nsonga kawiri, adokotala."

"Ine? Kuuzira? Mwapenga? Zaka khumi ndi zisanu ndili pa ntchito imeneyi!"

Gogo uja anati, "Leza sinama. Munamwanso khofi?" Apo ndiye anthu a kuno anaseka, Bambo, ndipo akayamba kuseka sasiya.

Ndinatulutsa tsamba 88 ndi kuliwerenga mokweza, deti, maola, zonse. Ndinati, "Analemba ndi Goulven Riou, wokoka ulusi, amene munamuchotsa ntchito chifukwa cha mpweya wa m'kamwa mwanu. Anakupemphani kuti anene, munamutumiza kwa ng'ombe. Ine ndine mwana wake. Manja a kumudzi aja ndi awa."

A Vasseur anayang'ana tsambalo, anayang'ana ine. Kenako, Bambo, ndikulumbira, anafuna kuliwerenga bwino, ndiye anatulutsa magalasi awo owerengera n'kuwauzira, fu, fu. Anazindikira ali pakati pouzira kachiwiri. Nkhope imeneyo ndikanakonda mukanaiona. Anakhala pansi.

Ndinatsegula dirowa, ndinaika ulusi wachipewa. Unayaka kuyambira 11.10 mpaka 17.30, tinachita kuuzimitsa tokha kuti anthu akadye. Zaka zitatu zija tapatsidwa. Eni kampani akuti a Vasseur azikaona za mapepala ku ofesi ya pamwamba, m'chipinda cha leza asalowenso. Gogo Rautio anapempha kope ya tsamba lanu. Akuti akaipachika kuti ophunzira ake adziwe kalembedwe ka kabuku.

Madzulo a Vasseur anandipeza pa makwerero. Anafunsa adiresi yanu, mawu ali pansi. Ndawapatsa. Ngati ndalakwa mundikhululukire.

Maapozi aikeni m'chipinda changa. Ndibwera mu Ogasiti, ndidzagona ndi fungo lake.

Mwana wanu,
Azilis Riou

*

Plouaret, 4 Julayi 2017

Azilis mwana wanga,

Kalata yako ya pa 16 inafika pa 23, inapambana ndi yanga panjira. Tili bwino. Azakhali ako aiwerenga ka 6, kawiri kwa ine, kanayi kwa anthu a pamsika. Tsopano aliyense wa ku Plouaret akandiona akumati fu, fu. Ngakhale wansembe.

Kuchokera pa 17 Okutobala 2003 kufika pa 15 Juni 2017 ndi zaka 13, miyezi 7, masiku 29. Ndalemba pa tsamba 89 ndi kujambula mzere pansi. Lamulungu ndinapita kumanda ndi kalata yako, ndinawawerengera mayi ako yonse, pang'onopang'ono, makamaka pamene pali maola.

Komabe ndikudzudzule. Unaika ntchito yako pa ngozi, ndipo unawotcha nsonga yabwino dala. Ulusi sulakwa. Munthu wina anaima pa nsanja tsiku louma kuti aukoke. Usadzachitenso. Sindikudziwa kuti mtima woterewu unautenga kwa yani.

Dzulo kwafika kalata ya a Vasseur, masamba awiri, pepala lokhuthala. Alemba bwino, ndi munthu wophunzira. Akuti akupepesa ndi mtima wonse chifukwa cha zimene zinachitika "cha mu Novembala 2004, ngati ndikukumbukira bwino."

Azakhali ako akuti, "Achimwene, munthu wagwada, mulandireni."

Ndinati, "Soazig, mu Novembala 2004 sanandilakwire kanthu. N'kuti ndili kuchipatala ndi mkazi wanga. Ndingakhululuke bwanji tsiku limene kulibe?"

Ndaibweza m'envelopu ino. Ukaipereke pamanja, ku ofesi ya pamwambayo. Ndakhwatcha ndi pensulo polakwikapo, ndalemba m'mbali deti loyenera, Lachisanu, ndi maola onse awiri. Uwauze mwaulemu kuti sindinakwiye, ndipo palibe changu. Alembenso.

Mabisiketi ndi 24. Upatseko Gogo Rautio 12.

Bambo ako,
Goulven Riou